Mwaye wa mathiraki a dizilo m'misewu ya ku Mulanje

Utsi wakuda bii umene umatuluka kumpope kwa thiraki yolemedwa ndi katundu ikamakwera chitunda ndi mwaye. Ndi mbale wake wa mwaye uja umadetsa denga la khitchini yophikira nkhuni, kungoti uwu umachokera m'mafuta a dizilo amene sadapse mokwanira mu injini. M'Chingerezi akatswiri amautcha black carbon, ndipo amauika m'gulu la tinthu touluka mumpweya totchedwa PM2.5, kutanthauza tinthu tosapitirira mamaikromita 2.5 kukula kwake. Maikromita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tsitsi la munthu limanenepa mamaikromita pafupifupi 70, choncho kanthu kamodzi kotere kamachepa maulendo pafupifupi 30 poyerekeza ndi tsitsi, ndipo tambiri tochokera mu injini ya dizilo timachepa kuposa pamenepo. Mtambo wakuda uja ukabalalika, maso n'kuleka kuuona, tinthuto timakhala tikadali mumpweya.

Mwayewu suyenda wokha. Pa kanthu kalikonse pamamatirira zotsalira za mafuta ndi oyilo, tizidutswa ta zitsulo za mu injini, komanso mankhwala ochokera ku salufa. Katundu womatirirayu, kuphatikizapo kuchepetsetsa kwa tinthuto, ndiye amachititsa kuti utsi wa dizilo ukhale woopsa kuposa fumbi la mumsewu, lomwe lambiri limathera m'mphuno ndi pakhosi.

Katundu wa ku Mulanje ndi misewu yake

Malinga ndi kalembera wa mu 2018, m'boma la Mulanje mumakhala anthu oposa 680,000, ndipo ambiri adaunjikana m'chigwa chozungulira phiri, momwe mudutsa misewu iwiri ikuluikulu ya tara. Wa M2 umachokera ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi Luchenza, n'kufika pa Chitakale ndi pa boma, kenako n'kulambalala phiri mpaka ku Limbuli ndi pa chipata cha Muloza. Wa M4, womwe ambiri amangoti wa Midima, umachokeranso ku Limbe kudzera pa Nkando n'kudzalumikizana ndi unzakewo. Kutsidya kwa Muloza kuli tauni ya Milange m'dziko la Mozambique, komwe msewu umapitirira mpaka ku Mocuba. Kuchoka kumeneko munthu amatha kulowera ku Quelimane kapena ku Nampula ndi ku doko la Nacala.

Katundu wamkulu ndi tiyi. Henry Brown adabzala tiyi ku Mulanje cha mu 1891, ndipo masiku ano mbewuyi imayenda pa mateyala kuyambira m'munda mpaka ku doko. Masamba othyola kumene sachedwa kuwonongeka, kotero amayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, ndipo mathirakitala ndi malole amazungulira m'minda ya makampani monga Eastern Produce ndi Lujeri komanso m'malo ogulirapo masamba a alimi ang'onoang'ono. Nkhuni za bulugamu zoumitsira tiyi nazo zimabwera pa galimoto, feteleza chimodzimodzi. Tiyi wokonzeka amapita ku Limbe, komwe kuli okushoni ndi nyumba zosungira katundu, asadalowe m'makontena opita ku Beira, Nacala kapena Durban. Ntchitoyi imafika pachimake nthawi ya dzinja, kuyambira December mpaka cha mu April. Ikamazilala, nandolo ndi chimanga zimatenga malo, ndipo Muloza ndi chimodzi mwa zipata zodziwika polowera chimanga chochokera ku Mozambique. Pamwamba pa izi pali malole a mchenga, njerwa, kwale ndi simenti, omwe kawirikawiri ndiwo akale kwambiri mumsewu.

Muloza siyipikisana ndi Mwanza, Dedza kapena Songwe pa kuchuluka kwa mathiraki. Koma pa nkhani ya mwaye, chiwerengero cha galimoto sindicho chokha chofunika. Mtunda wa pakati pa mpope ndi mphuno ya munthu ndi wofunikanso kwambiri. Pa Limbuli, pa Chitakale ndi pa Nkando, malonda amachitikira m'mphepete mwenimweni mwa tara. Amayi ogulitsa nanazi, nthochi ndi mapeyala amakhala pansi, ena ali ndi ana kumbuyo, pa msinkhu womwewo umene mipope ya malole ambiri idaloza. Akabaza amapalasa njinga kumbuyo kwa thiraki akupuma mwamphamvu. Kafukufuku wa m'maiko ambiri adaonetsa kuti mwaye umachuluka kwambiri m'mbali mwa msewu ndipo umachepa msanga munthu akamatalikira, choncho iwo amene amagwira ntchito pamenepo tsiku lonse amapuma wochuluka kuposa wokhala m'mudzi wapatali pang'ono.

Malo nawo ali ndi mbali yake. Boma la Mulanje lili m'munsi poyerekeza ndi Limbe, yomwe ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, kotero thiraki yodzaza yopita ku Limbe imakwera, makamaka m'zitunda za ku Thyolo, ili pa giya yotsika. Nyengo yozizira ya June ndi July, m'mawa mopanda mphepo, mpweya wozizira umakhazikika pansi n'kutsekereza utsi kuti usakwere. Chiperoni chikabwera ndi mvula yake yowaza chimatsukako mpweya, koma chikangopita utsi umayambiranso kuunjikana.

Momwe mwaye umapangikira

Injini ya petulo imayatsa mafuta ndi moto wa pulagi. Ya dizilo, yomwe Rudolf Diesel wa ku Germany adaiyendetsa bwino koyamba mu 1897, ilibe pulagi yotere. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, kenako mainjekita amapopera mafuta ngati nkhungu, ndipo mafutawo amayaka okha. Vuto ndi lakuti nthawi yoti mafuta asakanikirane ndi mpweya ndi yochepa zedi. Pakati pa nkhungu ya mafutayo pamakhala malo amene kutentha kulipo koma okosijeni ndi wosakwanira, ndipo m'malo moti apse, mafuta a pamenepo amasanduka timakala ting'onoting'ono. Tambiri timapsa pisitoni isadatsike, koma totsala timatuluka kumpope.

Kuchokera apa, zifukwa zomwe thiraki imafukira utsi wakuda zimaonekeratu: mafuta achuluka, mpweya wachepa, kapena mafutawo sakupoperedwa mosalala. Fyuluta ya mpweya ikatsekeka ndi fumbi la m'misewu ya m'minda ya tiyi, injini imabanika. Manozo akatha, amadontheza mafuta m'malo mowaza. Turbo ikafooka, kapena paipi yake ikang'ambika, mpweya wolowa umachepa. Palinso chizolowezi cha amakaniko ena chotsegula pampu kuti ipereke mafuta ambiri, poganiza kuti galimoto ipeza mphamvu pa chitunda. Mphamvu yowonjezerayo ndi yochepa, mafuta ambiriwo amangothera mumlengalenga. Mwini galimoto amene amaona utsi wakuda kumbuyo kwa lole yake akuona ndalama zake zikuuluka.

Mtundu wa utsi umauza makaniko kumene kuli vuto. Wakuda ndi wa mafuta osapsa bwino, wobiriwira ngati mtambo ndi wa oyilo wolowa mosayenera chifukwa cha maringi otha, pomwe woyera wosatha injini itatentha kale umaloza ku mafuta osayaka n'komwe kapena madzi olowa mu injini.

Zomwe umachita m'thupi

Chifukwa cha kuchepa kwake, mwaye umadutsa zotchinga zonse za m'mphuno n'kukafika m'timatumba ta m'mapapo momwe mpweya umalowera m'magazi, ndipo tinthu tochepetsetsa timalowa m'magazi momwemo. Thupi limalimbana nato ngati mdani, ndipo kutupa kosatha kumene kumatsatira kumawononga mapapo ndi mitsempha ya magazi. N'chifukwa chake madotolo amagwirizanitsa mpweya woipa ndi mphumu, chibayo, matenda okhalitsa a m'mapapo, matenda a mtima, sitiroko ndi kubadwa kwa ana ochepa thupi. Mwaye suyambitsa chifuwa chachikulu, pakuti chimenecho chimadza ndi kachirombo, koma munthu amene mapapo ake adavulala kale ndi TB amavutika kwambiri akamapuma utsi.

Mu June 2012, IARC, nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, idaika utsi wa dizilo m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, gulu limodzi ndi utsi wa fodya. Umboni waukulu udachokera kwa anthu ogwira ntchito m'migodi ndi m'makampani a mathiraki ku United States, omwe chiopsezo chawo chodwala khansa ya m'mapapo chidapezeka kuti chidakwera atapuma utsiwu zaka zambiri. Izi zikusonyeza kuti woyamba kukhudzidwa ndi dalaivala mwini, wothandizira wake, makaniko ndi wopakira katundu. WHO idawerengera kuti mu 2019 mpweya woipa wapanja udafupikitsa miyoyo ya anthu 4.2 miliyoni padziko lonse, ndipo mu 2021 idatsitsa mlingo wovomerezeka wa PM2.5 wa chaka chonse kuchoka pa mamaikrogalamu 10 kufika pa 5 mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya.

Mwaye umatenthetsanso dziko, popeza chinthu chakuda chimayamwa dzuwa. Kusiyana kwake ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi, womwe umakhala mumlengalenga zaka mazana, n'kwakuti mwaye umagwa pakatha masiku kapena masabata ochepa. Ukachepetsedwa lero, phindu lake limaoneka mwezi womwewo.

Sikungakhale kulondola kunena kuti mathiraki ndiwo gwero lalikulu la utsi umene anthu a ku Mulanje amapuma. M'makomo ambiri amaphikira nkhuni ndi makala, ndipo pali mauvuni a njerwa, kutentha zinyalala ndi moto wolusa m'phiri. Koma mapapo sasankha gwero, amangolandira zonse pamodzi. Kafukufuku wamkulu yemwe adachitikira ku Chikwawa ndi Karonga, wokhudza ana oposa 10,000, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2016, adapeza kuti kugawa mbaula zosafuka kwambiri pakokha sikudachepetse chibayo mwa ana osakwana zaka zisanu. Chimodzi mwa zomwe akatswiri adatolapo n'chakuti kutseka gwero limodzi la utsi, ena onse ali chifukire, sikukwanira.

Salufa, zosefera ndi galimoto zakale

Maiko olemera adathana ndi mwaye wa dizilo pophatikiza zinthu ziwiri: mafuta oyera ndi injini zokhala ndi chosefera. Salufa ndi mankhwala opezeka mwachilengedwe m'mafuta okumbidwa pansi. Akapsa amawonjezera tinthu touluka, ndiponso amaononga zipangizo zoyeretsera utsi. Mu 2017, Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe zidatsitsa salufa wa m'dizilo kuchoka pa magawo 500 kufika pa magawo 50 pa miliyoni, kutsatira maiko a kummawa kwa Africa omwe adachita izi mu 2015. Maiko atatuwa adayendera limodzi chifukwa amagawana madoko. Malawi ilibe malo oyengera mafuta, ndipo ambiri amalowa kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Ku Ulaya mlingo ndi magawo 10 kuyambira 2009.

Malamulo a ku Ulaya otchedwa Euro akuonetsa kukula kwa kusiyana pakati pa injini. Thiraki ya mulingo wa Euro II, ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, imaloledwa kutulutsa magalamu 0.15 a tinthu touluka pa mlingo uliwonse wa ntchito ya injini wotchedwa kilowatt-hour. Ya Euro III imaloledwa 0.10, ya Euro IV 0.02, ndipo ya Euro VI, yomwe idakhala yokakamiza kuyambira 2014, 0.01 basi. Ndiye kuti thiraki imodzi ya Euro II, ili yabwinobwino, imatha kufuka mofanana ndi mathiraki 15 a Euro VI. Dizilo wa magawo 50 amene ali kale m'dziko muno ndi wokwanira kuyendetsa galimoto za Euro IV, kutanthauza kuti mafuta adatsogola, galimoto n'kutsalira.

Chosefera chija, chotchedwa DPF, ndi chibumi cha dongo lowotcha chokhala ndi timabowo ngati chisa cha njuchi. Utsi umakakamizika kudutsa m'makoma a timabowoto, mwaye n'kutsala, ndipo choposa 90 pa 100 chimagwidwa. Chikadzaza, injini imakweza kutentha kufika pa madigiri pafupifupi 600 kuti mwayewo upse. Kuti zimenezi zitheke pamafunika mafuta a salufa wochepa, oyilo woyenera ndi maulendo aatali. Chikatsekeka, galimoto imafooka, ndipo popeza chatsopano n'chodula, m'magalaja ambiri mu Africa njira yachidule ndiyo kuchichotsa n'kusintha kompyuta ya galimoto. Thirakiyo imaoneka yamakono kunja, koma kumpope yabwerera zaka makumi awiri m'mbuyo. Madzi a AdBlue, omwe madalaivala ena amawasokoneza ndi chosefera, ntchito yawo ndi ina: amachepetsa mpweya wa naitrojeni okisaidi, osati mwaye.

Lipoti la nthambi ya United Nations yoona zachilengedwe ya UNEP la mu 2024, lokhudza malonda a mathiraki ndi mabasi ogwiritsidwapo kale ntchito, lidati galimoto zolemera zimatulutsa zoposa 60 pa 100 za PM2.5 yochokera m'galimoto za mumsewu. Apa mpamene dziko logula galimoto kunja lili ndi mphamvu: kuika mulingo wa utsi umene thiraki iyenera kukwaniritsa isadalowe. Mu 2019 boma la Malawi lidayambitsa msonkho wa kaboni pa galimoto potengera kukula kwa injini, koma msonkho wotere susiyanitsa injini yosamalidwa ndi yofuka.

Zotheka popanda kugula thiraki yatsopano

Eni malole ambiri a ku Mulanje sangakwanitse galimoto ya Euro VI, ndipo sikoyenera kudikira zimenezo. Kusintha fyuluta ya mpweya pa nthawi yake, kuyezetsa manozo ndi pampu pa makina, kukonza turbo ndi kupopa mateyala mokwanira kumachepetsa utsi ndi mafuta omwe. Mtengo wa fyuluta sungafanane ndi wa dizilo wotayika mwezi umodzi.

Mafuta a m'zigubu ndi msampha wina. Dizilo akasowa pa malo omwetsera, madalaivala amathamangira kwa mavenda, komwe mafuta amatha kukhala osakanizidwa ndi parafini, madzi kapena zinyalala. Parafini alibe kutelera kumene pampu ndi manozo zimafuna, choncho zimatha msanga, utsi n'kuyamba. Bungwe la MERA ndilo loyang'anira malonda a mafuta m'dziko muno, ndipo kuyeza mafuta pafupipafupi m'maboma a m'malire ngati Mulanje ndi mbali ya nkhondo yolimbana ndi mwaye ngakhale sikuoneka choncho.

Kudzaza mopyola muyeso kumakakamiza injini kugwira ntchito pa mphamvu yake yonse, pomwe mwaye umachuluka kwambiri, komanso kumakumba maenje mumsewu. Dzenje lililonse limachititsa dalaivala kuponda buleki kenako kuponda moto, ndipo mtambo wakuda umatuluka pa kuponda motopo. Masikelo a galimoto zolemera adaikidwa kuti ateteze misewu, koma amatetezanso mapapo. Mahampu a pa malo amalonda ali ndi vuto lomweli: amapulumutsa oyenda pansi ku ngozi, koma thiraki imafuka kwambiri ikamanyamuka pa hampu, pomwe pali anthu ochuluka. Yankho si kuchotsa mahampu. Khonsolo ikhoza kusunthira mabenchi a malonda kumbuyo, kupatula malo oimapo mathiraki kutali ndi msika ndi sukulu, ndi kubzala mpanda wa mitengo yothithikana pakati pa msewu ndi makalasi. Ngakhale mpope woloza kumwamba m'malo moloza kumanzere, komwe kumayenda anthu ndi njinga, umathandiza amene ali pafupi, ngakhale suchepetsa utsi wonse. Masiki ansalu sagwira tinthu tochepa chotere. A mtundu wa N95 ovalidwa mothina ndiwo amathandiza.

Thiraki yoima injini ikulira imamwa malita awiri kapena atatu pa ola popanda kusuntha, ndipo lita iliyonse imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.6 a kaboni dayokisaidi kuwonjezera pa mwaye. Pa chipata, pa sikelo ndi pa geti la fakitale, kuzimitsa injini sikulira ndalama. Kufupikitsa mzere wa pa malire kumagwira ntchito yomweyo. Chipata cha Mchinji ndi Mwami, chomwe chidatsegulidwa kumapeto kwa 2022, chidaphatikiza maofesi a Malawi ndi Zambia kuti galimoto iziima kamodzi m'malo mwa kawiri. Makampani a tiyi, monga ogula ntchito ya mayendedwe akuluakulu m'bomali, alinso ndi chida chawo: kulemba mu mgwirizano kuti lole yofuka sidzapakira, ndi kukonza kuti yopita ku Limbe ndi tiyi ibwerere ndi feteleza m'malo mobwerera yopanda kanthu.

Ku mbali ya lamulo, mpata uli pa kuyeza galimoto kuti ipeze chiphaso cha COF, ntchito yomwe ili pansi pa nthambi yoona zapamsewu ya DRTSS. Pali makina otchedwa opacimeter omwe amawalitsa kuwala kudutsa mu utsi n'kuwerenga kuda kwake m'mphindi zochepa, ndipo amanyamulika kupita nawo pa rodibuloko. Kafukufuku wa m'mizinda yosiyanasiyana adaonetsa kuti galimoto zochepa zofuka kwambiri ndizo zimatulutsa gawo lalikulu la mwaye wonse, choncho kugwira zimenezo n'kukakamiza kuti zikonzedwe kumabweretsa kusintha kwakukulu. Lamulo la zachilengedwe la mu 2017, lomwe lidakhazikitsa bungwe la MEPA, likupereka maziko oletsera kuipitsa mpweya.

Njanji ya pa Luchenza

Tiyi wa ku Mulanje sadayambe ndi mathiraki. Njanji yochokera ku Nsanje, yomwe kale inkatchedwa Port Herald, idafika ku Blantyre mu 1908 kudzera pa Luchenza, ndipo mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, sitima zidayamba kupita ku Beira osatsitsa katundu panjira. Siteshoni ya Luchenza, yomwe ili makilomita osapitirira 30 kuchokera pa boma la Mulanje, idakhala khomo lotulukira tiyi kwa zaka zambiri. Nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, ndipo madzi osefukira adadula njanjiyo ku Chiromo mu 1997. Katundu adasamukira mumsewu ndipo sadabwererenso.

Sitima za kuno nazo zimayendera dizilo, ndipo yakale imafuka kwambiri. Kusiyana kuli pa kuchuluka kwa katundu: mateyala achitsulo pa njanji sakaniza ngati a rabala pa tara, kotero tani imodzi imayenda mtunda womwewo ndi mafuta ochepa katatu kapena kanayi, ndipo utsi wake umatulukira kutali ndi misika ya m'mbali mwa msewu. Njira ya ku Nacala, yomwe idatsegulidwa mu 1970 kuchokera pa Nkaya mpaka Nayuchi, ikugwira ntchito ndipo imafika ku Limbe ndi Blantyre. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Nacala idafika ku Lilongwe patatha zaka zoposa 20, ndipo chaka chomwecho ina yochokera ku Beira idalowa pa Marka ku Nsanje. Kuti sitima ya pa Luchenza idzafikenso ku Beira, pafunika kumaliza chigawo cha Marka mpaka Bangula ndi kulumikizanso njanji pa Chiromo, pomwe mtsinje wa Ruo wochokera m'phiri la Mulanje umathira mu Shire.